Ma operating system akasamuka, mapulogalamu amatsalira kuti?

Sabata ino m'kalasi yathu ya kompyuta kuno ku Mangochi takhala tikuyerekeza ma operating system, mapulogalamu aakulu oyendetsa kompyuta kapena foni monga Windows ndi Android, pofuna kuona kuti ndi iti imene imasamuka mosavuta kuchoka pa purosesa ya mtundu wina kupita pa ina. Purosesa iliyonse ili ndi malamulo akeake amene imamva. Malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito amene ambirife timagula ali ndi purosesa ya Intel kapena AMD, ya banja la x86, pomwe mafoni a Tecno ndi Itel amene tili nawo m'matumbamu amayendera ARM. Kupatsa ARM pulogalamu yokonzedwera x86 kuli ngati kulalikira m'Chiyao kwa munthu wongomva Chichewa chokha.

Unix yoyambirira, imene Ken Thompson anaiyamba ku Bell Labs mu 1969, inalembedwa mu assembly, chilankhulo chomveka ndi mtundu umodzi wokha wa purosesa, ya makina a PDP-7, moti sikanayenda pa makina ena. Mu 1973 anailembanso m'chilankhulo cha C, chimene anakonza Dennis Ritchie. Kuyambira apo, posamutsa pankafunika compiler, pulogalamu yomasulira C kukhala malamulo a purosesa yatsopanoyo, komanso kulembanso kagawo kochepa kamene kamalankhula ndi makinawo mwachindunji. NetBSD, operating system ya mtundu wa Unix yomwe inayamba mu 1993, inapita nayo patali nzeru imeneyi mpaka lero imayenda pa mitundu ya makina yoposa 50. Linus Torvalds polengeza Linux mu 1991 ananena yekha kuti waikonzera purosesa ya 386 basi, koma pano ili pa ARM, PowerPC, RISC-V ngakhalenso pa makompyuta akuluakulu a IBM.

Imene yandidabwitsa ndi Windows. Windows NT ya mu 1993 inkayenda pa mapurosesa a x86, MIPS ndi Alpha, ndipo mu 1995 anawonjezerapo PowerPC. Patapita zaka zochepa zonsezo anazisiya, n'kutsala x86 yokha, chifukwa mapulogalamu amene anthu ankawafuna anali a x86. Mu 2012 Microsoft inabweretsa Windows RT ya ARM, koma sinkatha kutsegula mapulogalamu akale a Windows, ndiye ogula anaithawa. Apple inachenjera: itachoka pa PowerPC kupita ku Intel mu 2006, ndiponso itapita ku purosesa yakeyake ya M1 mu 2020, inaikamo Rosetta, yomasulira mapulogalamu akale kuti aziyendabe.

Ndiye ine mpikisano wowerenga kuti iyi imayenda pa makina angati sukundigwira mtima. NetBSD imayenda pa makina ambirimbiri, koma kuno kuboma sindinaonepo wina akuigwiritsa ntchito polemba kalata kapena kusindikiza ma CV.

Pomwe ndakhalitsa kuganiza ndi pa mafoni. Android imayendera kernel (phata la operating system) ya Linux, imodzimodzi yomwe timaitama kuti imasamuka paliponse. Komatu pitani kwa anyamata okonza mafoni pamsika mukawaone akufulasha foni. Amasakasaka faelo ya modelo yeniyeniyo, ndipo akangoikamo ya modelo ina, ngakhale ya kampani yomweyo, foni imatha kungozima osayakanso, kapena sikirini kusiya kumva chala. Zonsezi zili pa ARM, nanga vuto n'chiyani? Makompyuta a x86 ali ndi njira yofanana yoyatsira, BIOS kapena UEFI, ndipo operating system imadzifufuzira yokha zipangizo zomwe zili mkatimo. Mafoni ambiri a ARM alibe zimenezo. Kernel iyenera kuuzidwiratu kudzera mu device tree, faelo yofotokoza zipangizo za m'foniyo, kuti sikirini, kamera ndi batire zalumikizidwa pati, ndipo ma driver ambiri, timapulogalamu toyendetsa zipangizozi, opanga tchipi amawasunga mwachinsinsi.

N'chifukwa chake fulashi imodzi ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imatha kudzutsa laputopu ya Dell, ya HP ndi ya Lenovo, ngakhale zija zakale zimene Windows 11 ikuzikana chifukwa zilibe tchipi ya chitetezo ya TPM 2.0, pomwe foni ya zaka zitatu zokha kawirikawiri imangokhala ndi Android imene inabwera nayo mpaka itawonongeka.