Msonkhano wa atsogoleri madzi akamasefukira

Mwezi uno ndakhala ndikubwereza zolemba zanga za maphunziro a kayendetsedwe ka COE, Centro Operativo de Emergência, gulu limene limakumana pa boma kapena pa chigawo kuno ku Mozambique ngozi ikagwa. Mutu umene wandigwira mtima ndi wa msonkhano wa atsogoleri. Misonkhano tinaizolowera, n'chifukwa chake timauyesa wapafupi, koma uwu ndi wina. Ukamatha, aliyense atuluke akudziwa chochita ndi ola limene akhale atachita. Malipoti aatali ali ndi malo ake, osati pano.

Chenjezo lofiira likalengezedwa, kukumana kawiri pa tsiku n'kokwanira, 7 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, mphindi 30 basi. Wamadzulo umakonza za mawa, wam'mawa umawongola zimene zasintha usiku. Maola asamasinthe, chifukwa a ku ma posto (madera ang'onoang'ono a boma) ndi a makomiti a m'midzi a INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amafunika kudziwa nthawi yotumizira nkhani zawo. Anthu apatebulo asapose 12: administrador (mkulu wa boma), wa INGD, wa SDPI amene amaona za misewu ndi madzi, wa SDSMAS wa zaumoyo, wa maphunziro popeza sukulu ndizo zimasanduka misasa, apolisi, a Cruz Vermelha (Red Cross), ndi mmodzi woimira mabungwe onse othandiza. Woyenera mpando ndi amene angathe kunena kuti "galimoto inyamuke" nkunyamukadi. Amene yankho lake ndi "ndikafunse kaye abwana" akupatsani ntchito yokumananso.

Mphindi 5 zoyamba ayankhule munthu mmodzi yekha za mmene zinthu zilili: mvula malinga ndi INAM, bungwe la zanyengo, mlingo wa madzi m'mitsinje malinga ndi ARA-Centro, bungwe loyang'anira madzi, ndiponso ngati HCB, kampani yoyendetsa damu la Cahora Bassa, ikutulutsa madzi ochuluka, chifukwa amenewo atsikira ku Tete ndi ku Mutarara. Pa bolodi pagawidwe patatu: zotsimikizika, zongomva, ndi zimene sitikudziwa. Nambala iliyonse ikhale ndi ola lake ndi amene waipereka. "Mabanja 200 ku mudzi wakuti" yopanda ola ikhoza kukhala ya dzana.

Pa manambala ndi pamene zinthu zimasokonekera kwambiri. Wina amawerenga mabanja, wina anthu, ndipo poti banja timaliyerekeza anthu 5, kusakaniza ziwirizi kumachulukitsa kapena kuchepetsa chiwerengero kasanu. Komanso msasa umodzi umatha kutumiza mindandanda itatu, wa nyakwawa, wa komiti ndi wa mkulu wa sukulu, nkuphatikizidwa ngati misasa itatu. Mankhwala ake n'kugwirizana pa tsiku loyamba kuti tikuwerenga anthu, ndipo pa msasa uliwonse wolemba ndi mmodzi.

Kenako zofunika kwambiri, zosaposa zitatu, za maola 12 akubwerawo. Tinene kuti pa sukulu ina pali anthu 600. Miyezo ya Sphere, imene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, imati munthu apeze malita 15 a madzi pa tsiku, ndiye kuti malita 9,000. Zimbudzi, poyamba chimodzi pa anthu 50, ndiye 12, kenako chimodzi pa anthu 20, ndiye 30. Sukuluyo ikakhala ndi zimbudzi 4 ndi mjigo umodzi umene wamira, nkhani ya kolera yalowa kale m'chipinda, ndipo kolera wa 2023 chigawo chino cha Tete sichinamuiwale. Chigamulo chisakhale "tiona za madzi". Chikhale chakuti wa SDPI apititse thanki ndi mabotolo a Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa, pofika 2 koloko masana, ndipo akafika aimbe. Dzina limodzi, ntchito imodzi, ola limodzi. Ntchito imene yapatsidwa kwa "tonse" simagwirika. Funso limene limaiwalika kawirikawiri ndi la mafuta: bwato la injini lilipo, oyendetsa alipo, koma palibe amene wanena kumene petulo achokere ndi amene asaine.

Pali vuto lina limene mabuku ochokera kunja salitchula mokwanira, la ulemu wathu. Bwana akayamba kunena maganizo ake, wachinyamata amene wabwera kumene kuchokera kumtsinje sangawatsutse, ngakhale waona ndi maso kuti msewu umene akuukambawo wadukanso. Choncho wotsogolera ayankhule pomalizira. Ayambe ndi kufunsa amene achokera kumadzi, mmodzimmodzi: "Bambo, mwaonako chiyani chimene sichili pa bolodipa?" Malonje ndi kutchula maudindo onse zisiyidwe kaye, palibe amene anyozeka. Chiyankhulo nachonso n'chimodzimodzi. Msonkhano umayenda m'Chipwitikizi, pamene mayi wa komiti wa ku Tsangano kapena Macanga angafotokoze bwino m'Chichewa, wa ku Mutarara m'Chisena. Asiyeni anene m'chiyankhulo chawo, wina amasulire. Miniti imodzi yotayikayo imabweza zambiri.

Mbali imene ndaiwerenga mobwerezabwereza ndi yakuti wotsogolera asachoke pa COE nkupita kukaona yekha. Mtima umafuna kupita, ndipo anthu amayembekeza kuona mtsogoleri wawo. Koma mu Januwale 2022, pa namondwe Ana, mtsinje wa Revúbuè unadula mlatho wa pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo administrador wa boma la Tete anataya moyo galimoto imene anakwera itakokoloka ndi madzi ali paulendo wokaona mmene zinthu zinalili. Ntchito yokaona ipatsidwe kwa amene ali ndi zida zake, monga a UNAPROC, gulu la boma lopulumutsa anthu pa ngozi. Ngati mtsogoleri sangachitire mwina koma kupita, atchule pamaso pa onse amene akugwirizira mpando, ndipo zilembedwe. Mlathowo ukuphunzitsanso china: amene akufunika pa msonkhano akhoza kutsekeredwa tsidya lina, ndiye aliyense akhale ndi wachiwiri wake wodziwika ngozi isanagwe.

Netiweki imagwa magetsi akazima nthawi yaitali, choncho gulu la WhatsApp lisakhale kaundula. Kaundula ndi kope la pepala: ola, chigamulo, dzina, ndi malo ochonga ntchito ikatheka. Msonkhano wotsatira uyambire pa kopelo, mzere ndi mzere. Chimene sichinachitike chifunsidwe kuti chikusowa n'chiyani, osati kuti walakwa ndani, apo ayi mawa anthu ayamba kubisa. Mkangano wa anthu awiri, monga wa zaumoyo ndi wa maphunziro pa za makalasi oti mugone odwala, upite panja, abweretse yankho pakatha ola limodzi.

Mphindi 5 zomaliza n'za uthenga wopita kwa anthu. Ukhale umodzi, waufupi, wowerengedwa mokweza onse akumva, kenako upite ku wailesi za m'madera, kwa mafumu ndi ku makomiti: malo oti achokeko, kumene apite, msewu wotseka, ndi nambala yaulere ya Linha Verde, 1458, yoperekera madandaulo pa thandizo. Woyankhula ndi atolankhani akhalenso mmodzi. Pasanabalalikidwe, alembedwe amene agwire usiku. Munthu asapitirire maola 12 pa tebulo, ndipo wolowa ndi wotuluka awerengere limodzi kope lija kwa mphindi 10 asanasiyirane foni ya ntchito.