Mmene ndinapezera malo ogulitsira tomato ndi masamba mumsika wa Zomba

Dimba lathu lili m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kumunsi kwa tauni, ndipo kwa zaka zambiri tomato ndi mpiru wathu ankagulidwa ndi opikula komweko kudimba. Amafika mbandakucha ndi njinga ndi madengu awo, mtengo n'kutchula okha, iwe n'kungovomera chifukwa tomato akapsa sadikira munthu. Chinandidzutsa ndi kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera zinakwera nthawi imodzi, koma mtengo wa dengu kudimba unkangokwawa. Ndinatsimikiza zokadzigulitsira ndekha mumsika waukulu wa Zomba. Njira imene ndinadutsa ndi iyi, kuti mlimi mnzanga amene akulingalira zomwezi adziwe pogwira.

Sindinayambe ndi kusenza dengu. Ndinayamba kupita chimanjamanja, kukangoona. Msika wa Zomba ukaulowera pachipata umaoneka ngati piringupiringu chabe, koma uli ndi dongosolo lake. A ndiwo zamasamba ali mbali yawo, a usipa ndi matemba a ku Chilwa mbali yawo, a nyama, a mpunga ndi nyemba, amisiri okhoma zidebe ndi mbaula, onse ali ndi chigawo chawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi komiti ndi wapampando, amene aliyense amangoti atcheya. Ndinkaima pambali n'kumaona kuti ogula amalowera kuti, amayamba kuima pa benchi iti, dzuwa limawomba mbali iti ikamakwana 11 koloko. Za dzuwazi musazione zazing'ono. Nkhwani ndi bonongwe zikawombedwa maola awiri zimakhala zafota, ndipo wogula amangodutsa.

Kenako ndinafuna munthu wondigwira dzanja. Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina wachikulire amene wagulitsa anyezi mumsikamo kuyambira kalekale, ndipo nditamuuza maganizo anga anati, "Mwana wanga, usakalankhule wekha. Ubwere Lachiwiri, anthu akakhala ochepa, ndikakuonetse kwa atcheya." Umu ndi mmene anthu ambiri amalowera. Palibe lamulo loletsa kupita wekha, koma komiti imafuna kudziwa kuti ukadzasowa ndi ndalama za anthu, kapena ukadzadwala pamsika pomwepo, adzafunsa ndani.

Atcheya tinawapeza pa benchi yawo akusankha kabichi. Titapatsana moni, mayi aja anandifotokozera, ine ndili chete, manja kumbuyo. Mafunso awo anali achindunji.

"Kwanu ndi kuti, mayi? Mfumu yanu ndani?"

Ndinayankha.

"Katunduyo ndi wolima nokha kapena wopikula?"

"Wolima ndekha, bambo."

"Ndiye dzinja likafika, dimba litamira, mudzatani? Malo sitisungira munthu wobwera miyezi itatu n'kusowa."

Funso limeneli ndibwereranso, chifukwa ndi limene limagwetsa alimi ambiri. Tsikulo ndinangolonjeza kuti ndidzakhalapo chaka chonse. Anandiuza malamulo a chigawo: osatukwana, osaitana kasitomala amene waima kale pa malo a mnzako, kusesa pamalo pako usanayale ndi ukamaweruka, kusonkha pakagwa zovuta. Atatero ananditengera ku ofesi ya mkulu wa msika, yemwe ndi wa khonsolo ya mzinda. Kumeneko anafuna chiphaso cha unzika, n'kulemba dzina langa ndi mtundu wa malonda m'buku. Tengani chiphasocho tsiku loyamba lomwe, musachite kubwerera.

Benchi sindinaipeze. Mabenchi a pansi pa denga ali ndi eni ake, ena anasiyiridwa ndi amayi awo, ndipo wobwera kumene amayambira pansi, pa chiguduli. Ine anandilozera kampata kumapeto kwa mzere, pakati pa mayi wogulitsa therere ndi tsabola wa kambuzi ndi mnyamata wa karoti ndi mbatatesi zochokera kuphiri. Chenjezo langa pano ndi ili: mukangoyamba kuoneka mumsika, padzapezeka wina wokunong'onezani kuti ali ndi benchi yogulitsa kapena yochititsa lendi. Musatulutse ndalama popanda atcheya ndi a ku ofesi kudziwa. Mwini wake weniweni akhoza kukhala kuti wangopita kukadwazika matenda kumudzi, ndipo akadzabwera mudzachoka ndinu.

Tsiku lililonse m'mawa otolera ndalama za msika amazungulira ndi mabuku a matikiti. Umalipira, amakung'ambira tikiti ya tsikulo, ndipo umalipira ngakhale usanagulitse kanthu. Choncho ndalama ya tikiti ndimaipatula madzulo a dzulo lake n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Tikitiyo yang'anani deti lake ndipo muisunge mpaka poweruka, chifukwa nthawi zina amadutsanso kachiwiri kudzaona. Anthu ena amati bola kukayala kunja, m'mbali mwa msewu kapena kufupi ndi depoti, kumene wogula amakupeza asanalowe mumsika. N'zoona kuti kumeneko katundu amayenda msanga, ndipo ife a mkati zimatipweteka. Koma malo amenewo ndi oletsedwa, tsiku lina katundu amalandidwa, ndipo munthu wa mpamba wochepa ngati ine sangapirire kutaya dengu lathunthu. Ndinasankha mkati.

Ntchito yeniyeni imayambira kudimba dzulo lake. Tomato ndimathyola madzulo dzuwa litapepa, ndipo sindidikira kuti afiire yense. Wofiira kwambiri ndi wa lero lomwelo, woyezuka ndi wa mawa ndi mkuja. Ndimamusankha pamkeka, wamkulu payekha, wapakati payekha, wobooledwa ndi mbozi kapena wong'aluka ndimasiya wa pakhomo. M'dengu ndimayala udzu wouma pansi, wolimba amayamba, wofewa pamwamba. Masamba okha ndi a m'mawa: mpiru, repu ndi tchayinizi ndimadula kukali mame, kumanga m'timitolo ndi luzi, n'kufunditsa chiguduli chonyowa. Za mayendedwe ndinapangana ndi wakabaza mmodzi wa m'mudzi mwathu, woti azinditenga tsiku ndi tsiku ndipo ndizimulipira pobwerera. Wakabaza wodziwana naye amayenda mosamala pa mabampu, podziwa kuti tomato akaphwanyika malipiro akenso avuta.

Pofika pamsika chinthu choyamba si kuyala, koma kupereka moni kwa oyandikana nawo n'kufunsa kuti lero zili bwanji. Mtengo wa tsikulo sutchulidwa ndi munthu mmodzi. Umatengera kuti kwalowa katundu wochuluka bwanji kuchokera ku Thondwe, ku Jali, ku Songani ndi ku Namadzi, komanso ngati yafika galimoto ya tomato wa ku Ntcheu. Amayi a mumzere amangoyang'ana madengu amene atsitsidwa, kufunsana pang'ono, mtengo wa mulu n'kukhazikika. Mlimi wogulitsa zake amakhala ndi mpata wotsitsa kuposa anzake, poti sanapikule. Musatero. Mayi ali pambali panuyo wagula dengu lake ndi ndalama ya ngongole, ndipo mukamuthyola mtengo mwamulanda chakudya cha ana ake. Ngati mukufuna kukoka kasitomala, kokani ndi kukongola kwa katundu ndi basela.

Kuunjika mulu nakonso ndi luso. Atatu pansi, mmodzi pamwamba, mbali yosalala kuyang'ana kwa wogula, ndipo onse anayi akhale ofanana msinkhu. Mayi wa therere uja ndiye anandiphunzitsa kupukuta tomato aliyense ndi kansalu konyowa ndisanamuike, fumbi la mumsewu lichoke. Wogula akafika amatola wapamwambayo, kumutembenuza, kumudina pang'ono ndi chala chachikulu pafupi ndi pakhosi. Akapeza kuti wapansi ndi wovunda sanena kanthu, amangopita, ndipo sadzabweranso.

"Mulu bwanji, amayi?"

Umatchula.

"Iii, mwadulitsatu. Tsitsaniko."

"Tengani iwiri, achemwali, ndikuikirani basela."

Kunenerera ndi mbali ya malonda, musakwiye nako. Basela ndimapereka kuchokera pa tomato wamng'ono amene ndinapatula dala, osati kugumula mulu wina.

Vuto limene sindinkaliganizira ndili kudimba ndi chenje. Chibwerereni ndalama ya pepala ya K5,000 mu 2022, si zachilendo kuti kasitomala woyamba weniweni akupatse imeneyo pogula mpiru wa mtolo umodzi. Ukati ulibe chenje, malonda apita. Ndiye madzulo aliwonse ndimasunga ma K100, ma K200 ndi ma K500 oyambira mawa, ndipo zikavuta timasinthirana mumzere momwemo. Ana a sukulu ndi anthu apantchito ambiri amafuna kulipira pa foni, choncho ndinatsegula Airtel Money ndi Mpamba, nambala n'kulemba pa kakatoni. Osapereka katundu uthenga usanalowe mu foni yanu, ngakhale munthuyo akuonetseni wa mu foni yake.

Tsopano za kusonkha zimene ananena atcheya. Pakagwa maliro a wamalonda mnzathu, kapena a mwana wake, kope limazungulira mzere wonse ndipo aliyense amaponya chopepesa, dzina n'kulembedwa. Ena amasankhidwa kukaimira chigawo kumaliroko, ndipo malonda awo amagulitsidwa ndi otsala. Ndinaona ndi maso anga mayi wina atabwerako ku maliro a mlongo wake ku Mayaka, mnzake akumuwerengera ndalama za masiku onse amene kunalibe, zomangidwa m'kapepala, mpaka tomato amene anaonongeka anamusungira kuti aone yekha. Lachisanu masana anzathu achisilamu akapita ku mzikiti, amene uli pafupi ndi msika, timawayang'anira malo. Ifenso tikakhala ndi zochitika kutchalitchi kapena mwana akadwala n'kuthamangira naye kuchipatala, amatero. Mumsika wa Zomba mumamveka Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe, ndipo wogulitsa amene amatha kulonjera agogo m'chiyankhulo chawo sasowa kasitomala. Kunena zoona, mbali imeneyi ndi imene inandikhazika mtima pansi kuposa tikiti ndi buku la ku ofesi. Munthu sungakhale pa chiguduli kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka madzulo popanda wokugwirira ngakhale mphindi khumi.

Patapita miyezi anandilola kulowa chipereganyu cha amayi a mumzere wathu. Sanandilowetse msanga, ndipo ndinawamvetsa: amayamba aona ngati munthu amabwera tsiku lililonse. Ndalama yanga yoyamba kulandira ndinagulira mbewu ndi khasu latsopano. Banki mkhonde iliponso, koma ndikulangiza wobwera kumene kuti ayambe wadziwa mmene malonda ake amayendera chaka chonse asanatenge ngongole ya chiwongoladzanja.

Chaka cha msika wa Zomba chili ndi mafunde ake. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma tauni ino ikadali ya anthu a malipiro a pamwezi: asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, a ndende, anamwino, aphunzitsi. Kumapeto kwa mwezi katundu amatha dzuwa lisanapendeke, pakati pa mwezi anthu amagula theka la zimene amagula nthawi zonse ndipo ena amapempha ngongole. Ngongole ndimapereka kwa amene ndikudziwa kwawo okha, ndipo ndimalemba iye akuona. Ophunzira a ku Yunivesite ya Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco, akatsekera, amayi ophika zakudya ku Chikanda, dera limene ophunzira ambiri amakhala, amachepetsa zogula, ife n'kumva kuwawa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tomato amasefukira, aliyense wa dimba wakolola, mtengo uli pansi. Januwale ndi Febuluwale amasowa n'kukwera mtengo.

Apa ndi pamene funso la atcheya lija linandipeza. Mvula itakhazikika, Likangala anadzaza, dimba linalowa madzi monga limachitira chaka ndi chaka, ngakhale sizinafike pa zimene tinaona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndinalibe tomato wangawanga ngakhale mmodzi. Kuti malo asapite, ndinayamba kupikula. Ndinkadzuka usiku kukadikira alimi a kumtunda potsitsa madengu, ndipo tsiku la msika ku Thondwe ndinkakwera minibasi kukagula komweko. Ndi pamene ndinadziwa zimene opikula aja amasenza: thiransipoti, tomato wophwanyika pansi pa dengu amene sunamuone pogula, tikiti, ndi tsiku loti mvula yagwa kuyambira m'mawa ogula osabwera. Pogula dengu pisani dzanja mpaka pansi mwini wake akuona, ndipo mtengo mugwirizane musanathire m'dengu lanu. Nyengo imeneyi ndimaonjezera nkhwani, chisoso ndi kholowa za kumunda wa chimanga, zimene sizilira feteleza wapadera.

Ikamakwana 4 koloko madzulo ndimayang'ana zotsala. Tomato wofewa ndimagulitsa motsika kwa amayi a malesitilanti ndi anyamata a chiwaya, amene amadziwa okha nthawi yobwera. Wolimba ndimabwezera m'dengu, kufunditsa, n'kusiya kosungitsa katundu mumsika momwemo pa kandalama kochepa. Masamba sagona: otsala ndimapita nawo kunyumba, kuwafutsa n'kuyanika kuti akhale mfutso, umene umagulitsidwanso masamba akasowa. Ndikasesa pamalo panga ndimawerenga ndalama n'kuzigawa patatu, ya mpamba, ya tikiti ndi kabaza, ndi yodyera pakhomo, ndipo ya mpambayo sindiyikhudza ngakhale pakhomo patasowa sopo. Dzina langa lili pa mndandanda wa odikira benchi ya pansi pa denga, ndipo atcheya akuti ikapezeka adzayamba kuona amene sanajombe m'dzinja.