Shopu yathu ya ku Senga Bay ndi nkhani ya mafoni otentha

Funso lomwe timalimva kawirikawiri pa shopu pathu si la mtengo wotchajira ayi. Munthu amafika, n'kutsitsa foni pa kauntala, amvekere, "Achimwene, taigwirani iyi. Kodi sikupsa imeneyi?" Ndimaigwiradi, chifukwa funso limeneli ndi lomwe linaumba bizinesi yathu.

Tinayamba awiri, ine ndi mayi a kunyumba, tili ndi sola imodzi, batire la galimoto ndi kainveta, m'kachisakasa ka malata kufupi ndi doko. Makasitomala oyamba anali alovi. Akamapita kokoka usipa madzulo ankatisiyira mafoni, m'mawa n'kudzatenga. Kenako anabwera amayi ogula nsomba, omwe amaswera pa thandala kudikira kuti usipa uume, ndipo foni ndiyo msika wawo: mitengo ya ku Lilongwe amaimvera pomwepo, ndalama amalandirira pa Mpamba kapena Airtel Money.

Poopa akuba, mafoni onse tinkawaunjika m'kabati n'kutseka, mawaya akutulukira pakabowo. Zinkayenda bwino m'miyezi ya mwera. Koma utafika Okutobala, dzuwa lija lomwe mchenga supondeka wopanda nsapato, tsiku lina masana ndinatsegula kabati n'kumva mpweya wotentha ukundiwomba kumaso. Foni ya mayi wina inali itafufuma batire mpaka chivindikiro chakumbuyo chinadzuka. Mayiwo sanakalipe. Anangoti, "Bambo, manambala onse a anthu ondigula ali mmenemu." Mawu amenewo anandilasa kuposa kukalipa. Batire ndinawagulira latsopano ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo sabata yotsatira ndinayamba kukwera minibasi kupita kwa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, kukakhala pambali pa mkulu wina wokonza mafoni kuti andiphunzitse.

Choyamba chomwe anandionetsa atatsegula foni n'chakuti mulibe fani. Kompyuta ili ndi kafani kotulutsa mpweya wotentha, pomwe foni ndi tabuleti zimadalira thupi lake lomwe. Purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa foni, ikamagwira ntchito yolemetsa imatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafalikira ku chivindikiro ndi ku galasi kuti kutuluke. Ndiye mukamamva foni ikufunda m'manja pomwe mukujambula vidiyo, mukusewera gemu, mukuyankhula moonana pa WhatsApp kapena mwayatsa hotspot, dziwani kuti ikuchita zomwe anaipangira. Kutchaja nakonso kumatenthetsa, makamaka kuja kofulumira. Mukaphatikiza ziwirizi, kuonera mpira foni ili pa tchaja, mwasonkhezera moto mbali zonse.

Pali china chomwe ambiri sachiganizira: netiweki. Ikafooka, foni imawonjezera mphamvu kuti ilumikizane ndi nsanja yomwe ili kutali. N'chifukwa chake asodzi amadandaula kuti akalowa pakati pa nyanja batire limatha msanga ndipo foni imafunda, chonsecho sanaimbe kwambiri.

Kutentha kukanyanya, foni imadziteteza yokha. Imachepetsa liwiro, sikirini imachita mdima, kutchaja kumaima, ina imalemba uthenga woti idikire kuzizira. Anthu amabwera nayo atanyamula mtima m'manja, ati yafa, koma tikaichotsa m'kava n'kuigoneka pamthunzi kwa kanthawi imadzuka bwinobwino. Kampani ya Apple imanena kuti iPhone ndi iPad azigwiritsidwa ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 0 ndi 35. Tsono taganizirani kuno kunyanja, komwe masiku ena a Okutobala ndi Novembala mpweya weniweniwo umadutsa pamenepo, kuli bwanji pansi pa malata kapena pagalasi lakutsogolo la minibasi! Foni imayamba ntchito itatopa kale.

Matabuleti amabwera ochepa, makamaka a aphunzitsi ndi a alangizi a zaumoyo. Thupi lake n'lalikulu, kotero kutentha kumamwazika ndipo m'manja sikumveka kwambiri. Chomwe chimawapweteka ndi makava a labala okhuthala aja komanso ana kuonera makatuni tabuleti itagona pa matiresi.

Komwe sindiseka nako ndi ku batire. Mabatire a m'mafoni, otchedwa lithium-ion, sagwirizana ndi kutentha: kumawakalambitsa msanga, ndipo likafufuma ndiye kuti m'kati mwadzaza mpweya wochokera ku mankhwala omwe akuwonongeka. Lotero likabooka kapena kupindika litha kuyaka. M'chaka cha 2016 kampani ya Samsung inachotsa pamsika foni za Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka, mpaka zinaletsedwa kukwera nazo ndege. Vuto lake linali kapangidwe ka batire, osati kuti eniake ankazigwiritsa ntchito mopyola. Kusiyana kumeneku ndi komwe ndimawafotokozera anthu. Foni yofunda chifukwa cha ntchito imazizira mukaisiya. Yotentha ili chigonere patebulo, yodzuka sikirini kapena yotulutsa kafungo kachilendo, imeneyo muizimitse, musaitchajenso, ndipo isagone pansi pa pilo.

Ndipo chonde, amayi a nsomba, musaiponye m'bokosi la ayezi. Ndalandirapo mafoni angapo omwe eniake ankafuna kuwaziziritsa msanga. Kuzizira kwadzidzidzi kumaunjika chinyontho m'kati, ndipo patapita masiku timapeza dzimbiri pomwe pankangofunika mthunzi ndi kamphepo.

Nditabwerako kophunzira, kabati ija tinaichotsa. Pamwamba pa malata tinafolera udzu, mbali ziwiri tinaboola mawindo oyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja izidutsa. Mashelufu tinapanga a nsungwi, otalikana timipata, n'kutchinga ndi waya wa sefa wokhala ndi loko. Foni iliyonse imagona payokha, yovula kava, ili ndi kanambala kake. Matchaja otchipa opanda dzina tinasiya kugula, ngakhale abwino amadya phindu.

Tinaikanso lamulo loti batire lofufuma sititchaja, ndipo linatitayitsa anthu. Mnyamata wina anandiuza kuti, "Madala, ndalama ndi yanga, foni ndi yanga." Ndinamuyankha kuti, "Zoona amwene, koma pa shelufu apa pali mafoni a anzanu, ndipo denga ndi la udzu." Anapita kwina. Mtima unandiwawa, chifukwa pamalonda ngati athuwa munthu mmodzi amabwera ndi bwato lonse. Komabe lamulolo lilipo mpaka lero, ndipo kuyambira nthawi ija palibe foni yomwe inafufumira m'manja mwathu.

Pano timasinthanso mabatire ndi masikirini, ndipo masola afika atatu. Mwana wathu wamkazi akaweruka kusukulu amatithandiza. Ntchito yake yoyamba ndi kuyenda pa shelufu, kukhudza foni iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Akapeza yotentha kuposa zinzake amaizula pa tchaja n'kundiitana, "Ababa, tabwerani muone iyi." Chilimwe chino tikusonkha ndalama ya fani yoyendera sola, yoti tiimangirire kumapeto kwa shelufu, mbali yomwe dzuwa la masana limawomba.