Nkhuku zanga za mazira: momwe zikuyendera mwezi uno wa Okutobala

Nkhuku zafika masabata 30 tsopano ndipo mazira akhazikika. Pa nkhuku 20 za mtundu wa Hy-Line Brown zomwe ndikuweta kuseri kwa nyumba, ndikutola mazira 17 kapena 18 patsiku, ambiri dzuwa lisanafike pamutu. Timazira tating'ono tija tinayamba kubwera zili ndi masabata 19 tinatha, pano ndi mazira odzaza bwino m'thireyi.

Nkhani yaikulu mwezi uno ndi kutentha. Nkhuku situluka thukuta. Ikatenthedwa imayasama n'kumapuma wefuwefu, mapiko ali lendelende, ndipo chakudya imangochiyang'ana. Kupuma kotereku kumasokonezanso kapangidwe ka chigoba, n'chifukwa chake nyengo ino mazira ena amatuluka opyapyala, osachedwa kusweka. Ndayala udzu pamwamba pa malata a khola, ndipo madzi ndikusunga mumtsuko pamthunzi kuti ndizisintha masana akafunda. Nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kuposa chakudya chomwe yadya, kukatentha imaposa pamenepo. Ikasowa madzi theka la tsiku lokha, mazira amatsika kwa masiku angapo.

Chakudya ndikupereka m'bandakucha ndi chakumadzulo kukayamba kuzizira. Cha madzulocho ndiye ndimachisamala kwambiri, chifukwa dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike ndipo chigoba chimaumbika makamaka usiku. Ndiye nthawi imeneyi ndimaika pambali zigoba za mazira zomwe ndawotcha n'kusinja, kuti yofuna ijompheko. Kuwotchako n'kofunika, apo ayi zimazolowera fungo n'kuyamba kuswa mazira awo omwe.

Anzanga angapo akhala akundiuza kuti ndiziphatikiza madeya mu layers mash, chakudya chogula cha nkhuku zoikira mazira, kuti thumba lizikhalitsa. Ndikuwamvetsa, mtengo wa chakudya ukupweteka aliyense, koma apa ndakana. Nkhuku yachikuda imaikira mazira 10 kapena 15, n'kufungatira, thupi n'kupumako. Izi sizifungatira ayi. Zinapangidwa kuti ziziikira pafupifupi mazira 300 pachaka, ndipo dzira lililonse likuchokera m'chomwe yadya. Iliyonse imafuna magalamu 110 mpaka 120 patsiku a chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera 16 peresenti. Madeya amangodzaza mimba, nkhuku ioneka yokhuta koma m'bokosi loikiramo mazira muli zii. Kwa ine thumba la makilogalamu 50 likutha masabata atatu, ndipo ndalama yake ikuchokera m'mazira omwe anansi akugula, kotero ndimaipatula kaye ndisanagwiritse ntchito ina iliyonse. Zomwe ndimawonjezera ndi masamba basi: chisoso, bonongwe ndi zotsala za mpiru, zomangirira pachingwe kuti zizidumphira. Zimatanganidwa nazo m'malo mojomphana, ndipo kachikasu ka m'kati mwa dzira kamafiira bwino.

Kuwala sindinasinthe. Zimafuna maola pafupifupi 16, pamene dzuwa lathu limatipatsa 12 ndi pang'ono, choncho babu la sola likumayaka madzulo ndi m'mamawa pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Ziwetozi zimadana ndi kusinthasintha. Ukasintha chakudya mwadzidzidzi, ukasuntha chomwera, ngakhale galu akazidzidzimutsa usiku, mawa lake uziona pa chiwerengero cha mazira.

Ino ndiyonso nyengo ya chitopa, ndipo ndikumva kuti mbali zina nkhuku zayamba kugwa. Zanga zalandira katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso, yemwe timabwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa zanga, ndiye tinagwirizana ndi anansi kuti zachikuda zawo zomwe zimayendayenda kuseri kwa mpanda zilandirenso tsiku lomwelo. Zimandipweteka kuona munthu akutaya khola lonse chifukwa cha dontho lomwe mtengo wake sufika ngakhale pa dzira limodzi. M'khola salowa mlendo, ndipo nkhuku yogula pamsika ya ndiwo sifika pafupi. Utitiri sindinauone, koma beseni la phulusa ndi mchenga lilipo kuti zizisamba, ndipo utuchi ndikuutembenuza kawirikawiri. Wakalewo wapita kudimba.

Chomwe ndikuwerengera pano ndi gulu lachiwiri. Nkhuku zamtunduwu zikapitirira masabata 72, mazira amatsika ndithu pamene kudya sikutsika. Kuti pasadzakhale miyezi yopanda mazira, anapiye atsopano ayenera kufika izi zili ndi masabata pafupifupi 55, ndipo adzafuna kachipinda kawokawo kutali ndi zazikuluzi. Njerwa ndayamba kuumba kuti ziume mvula isanagwe.