Momwe ndimatsegulira QGIS ya kunyumba ndili ku ofesi

Mapu anga a minda ya tiyi, amene ndimawatsegula ndi pulogalamu ya mapu ya QGIS, ali pa kompyuta ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux) imene imatsala kunyumba ku Luchenza, pomwe ine ndimaswera ku ofesi ya esiteti kufupi ndi boma la Thyolo. Ndisanachite chilichonse ndinapempha kaye chilolezo kwa a IT, oyang'anira makompyuta ku ofesiko, poti netiweki ndi ya eni ake.

Kunyumba ndinaika openssh-server, pulogalamu yolola munthu kulowa mu kompyuta ali kutali kudzera mu SSH, ndipo mu fayilo ya /etc/ssh/sshd_config ndinaonetsetsa kuti mzere wa X11Forwarding, wolola kuti mawindo a pulogalamu azionekera pa kompyuta ina, ukuti yes. Vuto linali kuipeza kompyutayo. Intaneti ya MiFi nthawi zambiri imadzera mu CGNAT, anthu ambiri kugawana IP imodzi, ndiye ngakhale utsegule port 22, khomo la SSH, pa rauta, wochokera kunja sangalowe. Ndinaika Tailscale, pulogalamu yolumikiza makompyuta ako mu netiweki yawoyawo, mbali zonse ziwiri, ndipo kompyuta iliyonse inalandira adiresi yake yoyamba ndi 100.

Kenako ndinalemba ssh -X, dzina langa ndi adiresiyo, ndikuitana qgis. Kompyuta ya ku ofesi nayonso ndi ya Linux. Pa Windows pamafunika pulogalamu yoonetsera mawindowo, monga VcXsrv kapena MobaXterm. QGIS inatsegukadi, koma abale, ukadina menyu umachita kupinda manja kudikira. X11, njira yoonetsera mawindoyi, imatumiza timauthenga tambirimbiri uku ndi uko, ndipo tambiri timayembekeza yankho kaye. Choipitsitsa, netiweki ikaduka, monga imachitira chiperoni chikatsika, pulogalamu imafera pomwepo pamodzi ndi ntchito yosasungidwa.

N'chifukwa chake ndinasamukira ku TigerVNC, pulogalamu ya VNC yoonera desikitopu ya kompyuta ili kutali. Lamulo la vncserver :1 -localhost yes limayambitsa desikitopu pa port 5901, ndipo ndimaifikira kudzera mu ssh -L 5901:localhost:5901, kenako Remmina, pulogalamu yoonera desikitopuyo ku ofesi. Apa QGIS pamodzi ndi desikitopu yake zimakhala zikuyenda kunyumba konko, ine ndimangolandira zithunzi za sikirini. Netiweki ikabwerera ndimapeza mapu ali pomwe ndinawasiya. Mitundu ya pa sikirini ndinaichepetsa mu Remmina kuti bandulo isathe msanga. Zithunzi za satelayiti zimaoneka zofuwirira, koma malire a minda amaoneka bwinobwino.

Chotsala chinali magetsi. Mu BIOS, menyu yolowamo kompyuta ikangoyaka, ndinasintha Restore on AC Power Loss kukhala Power On, kuti akabwera kompyuta izidzuka yokha, ndipo VNC ndinaiika pa systemd, imene imayambitsa mapulogalamu pa Ubuntu, kuti iziyamba nayo limodzi. MiFi ili ndi batire lake, koma mayi akunyumba ndinawapemphabe kuti asamaichotse pa soketi akafuna kutchaja foni.