Dzina la mkwatibwi linanenepa

Tsiku limenelo ndinatsala ndekha m'shopu yathu ku Limbe. Abwana anali kumaliro ku Thyolo, madala amene amayendetsa makina anati afika masana. Anandisiyira kantchito kamodzi: kupanga pleti yosindikizira makadi a ukwati. Ine miyezi 4 yokha pantchito, koma mtima uli m'mwamba ngati makinawo ndinabadwa nawo.

Kwa amene simunaionepo, pleti ya photopolymer ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi pulasitiki imene imalimba ikawombedwa ndi kuwala kwa UV. Pamwamba pake umagoneka filimu yakuda bii, zilembo zokha ndizo zoonekera. Pamene kuwala kwadutsa pamalimba, kwinako kumachoka ukamatsuka ndi madzi ndi burashi yofewa. Koma filimuyo iyenera kukakamira pleti ngati nkhupakupa pakhutu la galu. N'chifukwa chake umafunditsa kapulasitiki kotchedwa Kreen n'kuyatsa pampu ya vacuum kuti iyamwe mpweya wonse. Pakatsala kampata, kuwala kumazembera m'mbali, zilembo n'kunenepa.

Ndinadya kaye nsima yanga ya bonya, pathebulo lomwelo, poti panalibe wondiona. Kenako ndinayala zonse, pampu n'kulira, ine n'kumaimba mluzu.

Nditatsuka, pleti inatuluka yokongola. Dzina la mkwati lakuthwa, tsiku, tchalitchi, zonse bwinobwino. Koma dzina la mkwatibwi! Zilembo zitatu zapakati zinali zitatupa ngati zalumidwa ndi njuchi, "e" ndi "a" zitatsekeka mimba.

Ndinati kuwala kwachepa, ndikuwonjezera mphindi. Pleti yachiwiri zilembo zija zinachita kugwirana manja. Ndinati ndiye ndi mpweya. Ndinasisita Kreen ndi chikhatho kuyambira pakati kupita m'mphepete monga amachitira madala, ndikuyang'ana geji, singano ili pamalo pake. Ndinafika potsamiza khutu papaipi kumvera ngati ikufwenthera, mwina khoswe waiboola. Zii. Yachitatu chimodzimodzi, malo omwewo.

Apa ndinakumbuka kuti filimu ikakhala yoterera kwambiri amaipaka paudala pang'ono kuti mpweya upeze njira. Mawu oti "pang'ono" ndinawaiwala. Ndinathamangira pagolosale kukagula paudala wa ana, ndikumwaza ngati ndikuthira ufa mumphika. Yachinayi inatuluka ndi timaenje paliponse ngati yadwala nthomba, dzina lija likadali lonenepa. Mapleti amenewa amachokera kunja, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kuchotsera malipiro anga. Ndinayambanso kuganiza kuti mwina kuchimuna alipo amene sakuufuna ukwatiwu, wachita zakezake.

Madala anandipeza nditayera mbuu mpaka m'nsidze, shopu yonse ikununkhira ngati kusikelo ya ana. Sanafunse kanthu. Anandandalika mapleti anayi aja, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, filimuyi unayesa kuisuntha, kuiika pakona ina?"

"Ayi, madala."

"Chilema chikatsala pamalo akale, vuto ndi makina. Chikasamuka ndi filimu, makina usawanamizire."

Sanadikire n'komwe kuyesako. Anatembenuza filimu, kumbali yosawala imene imagona papleti, n'kuipendeketsa pawindo. Pafupi ndi dzina la mkwatibwi, pakuda pomwe diso langa silinafike, panali kanthu katamatirira. Anakakanda ndi chikhadabo, n'kukaika pachala, n'kuvala magalasi.

Kanali kachipsepse ka bonya, kouma gwa, katapakidwa paudala bwinobwino. Kakang'ono kuposa njere ya mpunga, koma n'kamene kanatukula filimu maulendo anayi onse, pampu ikulimbana nako osakagonjetsa.

Anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso kontena yanga imene inali pansi pa thebulo.

"Bonyayu anali wa tomato kapena wongokazinga?"

"Wongokazinga, madala."

"Watsalako?"

Ndinawapatsa. Anakhala pampando wa abwana n'kumadya, ine ndikupukuta filimu, Kreen ndi thebulo. Yachisanu inatuluka mkwatibwi ataonda bwinobwino. Mapleti anayi aja madala anawabisa m'chikwama chawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimabwera ndi makontena awiri.