Makutu aja

Loweruka usiku, kapena tinene kuti Lamulungu, poti tambala wa aneba wayamba kale phokoso lake.

M'zikhadabo mwanga mudakali dothi. Sopo walephera, kamtengo ka machesi kalepheranso. Tulo natonso tikundizemba, ndiye bola ndilembe.

Kwa amene simukudziwa, chibwerereni azakhali kuno ku Zingwangwa kudzachotsa ng'ala m'maso, Loweruka masana pakhonde panga pamangoti mbwee matope. Azakhali ndi woumba mbiya, kwawo ndi ku Dedza cha ku Linthipe, ndipo anakanitsitsa kukwera basi popanda dothi la kumtapo kwawo. Linabwera m'thumba la feteleza, kondakitala n'kulilipiritsa mpando wakewake. Diso lachiwiri adzaliona mwezi wamawa, choncho akadali nafe. Ife tilipo anayi a banki m'khonde: ine, a Nesi, mnzathu wa kaunjika wa ku Limbe, ndi mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi kusekondale. Tikatha kuwerenga masheya ndi kukangana za chindapusa cha ochedwa, timayala masaka pansi n'kuyamba kusewera ndi dothi. Ndati kusewera chifukwa palibe mmisiri pakati pathu. Kapu yanga chogwirira chake chimathothoka ikangoyamba kuuma. Wa kaunjika chilichonse chimene waumba amayamba wachiika mtengo, ati tikanakhala ndi uvuni ngati wa ku Dedza Pottery bwenzi titasiya ngongole.

Chimene chimatibweretsa si makapuwo. Maso akakhala padothi, pakamwa pamatseguka pokha. Nkhani ya banja la a Nesi tinaimvera pomwepo, iwo akukulungiza kambale, osayang'ana aliyense. Pa tebulo la masheya sakananena.

Lero azakhali anali atakonza dothi kuyambira Lachinayi: kusinja, kutola timiyala, kuthiramo mapale osinja kuti mbiya isadzang'aluke pamoto, kenako kuviika n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Iwo anakhala pakona pawo kuumba nkhali, akupota dothi n'kumalisanjikiza mozungulira, kunja akusalaza ndi chitsononkho, m'kati ndi kachidutswa ka chikho. Sayang'ana n'komwe. Diso limodzi lija likanakhala lotseka nkhaliyo ikanatuluka chimodzimodzi.

Mnzanga wa kusekondale uja ndi wolongolola, amene samudziwa angaganize kuti wamwa. Lero anangoti zii. Anatapa dothi lambiri, chibulumwa chonse, n'kuliika pamiyendo. Tinkayesa akuumbira mwana wake chidole. Panaoneka chipumi, kenako chibwano, maso anangoboola ndi chala. Kenako anatsina tidothi tiwiri, n'kutiphwatalitsa pachikhatho, n'kutipinda pang'onopang'ono ndi chikhadabo, n'kumata uku ndi uku. Makutu aakulu, otambasuka, lakumanzere lopendekera kutsogolo pang'ono.

Wa kaunjika anayamba kuseka. "Iii chemwali, makutu amenewa ndiye a ndani?" Kuseka kuja kunathera pakhosi. Nanenso ndinali nditawazindikira. Anali makutu a mchimwene wake wamng'ono.

Mnyamatayo ndinkamudziwa kuyambira akuvala kabudula wa sukulu. Atakula ankakonza mafoni, ndipo makutu akewo ankawaseka yekha asanasekedwe, ati ndi amene amamuthandiza kugwira netiweki. Ankakhala ndi mchemwali wakeyo ku Chilobwe, kumtunda, m'munsi mwa phiri la Soche. Mu March 2023, mvula ya Freddy itagwa masiku osalekeza, matope ndi miyala zinatsika usiku kuchokera kuphiri. Mnzangayo anali ku maliro ku Thyolo ndi mwana wake. Mnyamata anatsala yekha m'nyumba. Ali m'gulu la anthu oposa 500 amene sanapezeke mpaka lero. Akuluakulu akumudzi kwawo anakamba zoika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro atsekeke, iye anakana, ndipo nkhani imeneyo sitiikhudza.

"Iwe," anatero osadzutsa mutu, "mphuno yake inali yotani?"

Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Munthu ndamuona zaka zonsezo, wandikonzera foni, wadya nsima m'nyumba muno.

"Inali... yabwinobwino," ndinatero.

"Yabwinobwino ndiye yotani? Yaphwatalala? Yosongoka?"

A Nesi anati mwina inali ngati yake, poti ndi a mimba imodzi. Anapukusa mutu. Ati iye anatengera bambo, mnyamatayo anatengera mayi, koma mayiwo anamwalira kalekale ndipo nkhope yawonso inafufutika. Zithunzi zinali m'foni ina imene anaisiya patchaja m'nyumba muja. Chitupa cha unzika chinapita ndi mwini wake. Pa Facebook mnyamatayo sankaikapo nkhope yake, pali chizindikiro cha Bullets basi, ndi zithunzi za mafoni ophwasula.

"Makutu okha ndi amene ndatsala nawo," anatero. Sanalire. Akanalira bwenzi tikudziwa chochita.

Anayesa mphuno ina, n'kuichotsa. Inanso, n'kuichotsa. Pomaliza anangosiya pakati pa nkhope posalala. Ndipo ndikuuzeni, ngakhale popanda mphuno, anali iyeyo. Sindikudziwa kuti munthu amene kambale kamamukanika anazitha bwanji. Kapendekedwe ka khutu lija, kakhosi kowonda kaja. Thupi langa linachita tsembwe.

Ndinapukuta manja pachitenje n'kutenga foni.

"Usajambule."

Mawu ake anali ouma, sanandilankhulepo choncho chiyambire fomu wanu. Ndinaibweza foni pansi. Nkhope yanga inatentha.

A Nesi, amene sadziwa kukhala chete pakavuta, anati ndiye tiwotche mutuwo. Uume, azakhali akamawotcha nkhali zawo tidzauike pomwepo, mnzathu adzakhale nacho chinthu choika pashelefu, mwana wake adzadziwe amalume ake. Wa kaunjika anavomereza. Inenso mumtima ndinavomereza, kwambirinso.

Azakhali anali asanalankhule chiyambire. Anapukuta mlomo wa nkhali ndi kansanza konyowa, n'kunena kuti, "Chimenecho pamoto chiphulika, ana inu."

Anafotokoza monga amafotokozera zonse, mosakometsera. Dothi lochindikala chotero kunja limaoneka louma koma m'kati madzi amakhalamobe. Moto ukaligwira, nthunzi imasowa potulukira, chinthu chimaphulika n'kuswanso mbiya zoyandikana nacho. Ngati tikufuna chipse bwino, pafunika kuchisiya chilimbe pang'ono, kuchidula pakati ndi ulusi, kukomba m'kati ndi supuni mpaka patsale khoma lochindikala ngati chala, kumatanso, kuboola kachibowo pansi, kenako kuumika pamthunzi masabata, osati padzuwa.

"Ndimudule mutu?" anafunsa mnzanga. "Ndimukombe m'kati ndi supuni?"

Palibe anayankha. Kunja mwana wina ankaitanira zitumbuwa.

Anauyang'ana mutu uja kanthawi. Kenako anadzuka, n'kuuika m'ndowa ya dothi lotsala, n'kuthira madzi a m'chigubu, n'kuyamba kukanya ndi manja onse awiri. Sanachite mwaukali. Anakanya bwinobwino mpaka zonse zinasakanikirana ndi nyenyeswa za makapu athu olephereka. Atatha anasamba m'manja n'kufunsa ngati thobwa lija latha. Patangopita mphindi zochepa anali atayamba kale kutisimbira za landilodi wake wa ku Machinjiri, akuseka, mawu ake abwerera mwakale.

Ine ndiye ndinakwiya. Ndikulemba pano ndikadali wokwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Mwina vuto n'loti ine ndine wosunga. Malipoti a kupulayimale ndili nawo. Chitenje chimene mayi anavala pa ukwati wanga chili pansi pa sutikesi, sindichivala, sindichipereka. Mauthenga a anthu amene anamwalira sindifufuta, foni ikadzaza ndimayamba ndachotsa nyimbo. Ndiye kuona munthu wapeza chimene wakhala akuchisaka chichitikireni ngozi ija, chatuluka m'manja mwake mosayembekezera, iye n'kuchithira madzi! Ndipo si iye yekha amene anamutaya mnyamata uja. Inenso ndinayenda nawo m'matope muja masiku otsatira, kufunsa m'makalasi a sukulu mmene anthu ankagona, kuyang'ana m'nkhope za anyamata onse owonda. Kuchokera pakhonde pano phiri limaoneka, ndipo zipsera zimene madzi anang'amba zikadalipo, msipu sunaziphimbe zonse. Ndimaziona m'mawa uliwonse poyanika zovala. Kodi chinthu chimene chaumbidwa pakhonde panga, ndi dothi la azakhali anga, tonse tikuona, mwini wake ndi mmodzi yekha? Ndikudziwa yankho limene mungandipatse. Ndalimva kale kwa ine mwini ndipo silinandikhutitse.

Madzulo ndikuphika ndinawadandaulira azakhali. Anali pampando wawo pafupi ndi mbaula, akuotha ngakhale kunja sikukuzizira.

"Mlongo wake ndi wake," anatero. "Iwe udafuna chiyani?"

Ndinati ndinafuna chithunzi chokha.

"Kuti uchite nacho chiyani?"

Ndinatakasa ndiwo.

Kenako anati kwawo si zonse zimene amayi amaumba zimapita pamoto. Zina amaumba pa chinamwali, anamwali n'kuziona, n'kumva zimene ayenera kumva, ntchito ikatha n'kuziphwanya. Ndinafunsa kuti zimakhala zotani. Anandiyang'ana ndi diso labwino lija n'kunena kuti za kutsimba sakambira pambaula, makamaka kwa munthu amene adakulira m'tauni n'kumalemba zilizonse pa intaneti. Ndinaseka, koma zinandilasa.

Ndiye ndagona apa ndikuganiza za kwawoko. Mapiri a Chongoni ali pafupi ndi mudzi wa azakhali, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zija ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, zina za Nyau, zina za amayi pa chinamwali. Ndinapitako ndili mtsikana, ndipo chimene ndimakumbukira n'choti zoyerazo zinapakidwa ndi zala, dothi loyera lokhalokha, ndipo zakhala pamwala nthawi yonseyi. Anthu a mtundu womwewo amene ankaumba n'kuphwanya tsiku lomwelo ndi amenenso ankasankha phanga losafika mvula kuti chojambula chikhalitse. Ankadziwa bwanji choyenera kusunga ndi choyenera kuphwanya? Ku Mua nako, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, asunga zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana m'nyumba ya Chamare, pamene kudambwe zilombo zina zoluka amazitentha gule akatha. Ine ndikanakhalako ndikudziwa mbali imene ndikanaima. Ndikanakhala uja wobisa chigoba m'chitenje.

Koma zonsezi ndi nzeru za pakati pa usiku. Masana aja ndinalibe Chongoni m'mutu, ndinali ndi manyazi a munthu amene wakalipiridwa pamaso pa anzake, m'nyumba mwake.

China chimene chikundisautsa ndi ndowa ija. Ili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, yophimba ndi saka. Azakhali ati dothi lake lafewa bwino, likhala labwino kuposa la lero. Iwo alibe nalo vuto, aumbira mtsuko. Ine ndiumbire kapu? Ndidzamweremo tiyi?

Cha m'ma 9 koloko a Nesi anaimba ali panjira yopita ku naiti. Nawonso sizinawachoke. Iwo maganizo awo ndi ena: ati munthu amene wayamba kuumba nkhope adzaumbanso, ati zimenezi amaziona kwa anamfedwa, chinthu chimabwerera mpaka chitapeza pokhala. Ati tsiku limenelo tisadzangokhala manja lende ngati lero. Ndinati si ife oti timusankhire. Ndinadabwa kumva pakamwa panga pakutuluka mawu a azakhali, pamene ine ndemwe sindikugwirizana nawo. A Nesi anati kusankhira munthu ndi kwina, kumugwira dzanja ndi kwina. Ndinati nanga dzanja lake analipereka? Tinakokanakokana mpaka mayunitsi awo anatsala pang'ono kutha.

Mwini nkhaniyo pagulu lathu la WhatsApp wangotumiza chikumbutso choti amene sanamalize masheya a mwezi uno amalize pofika Lachitatu, ndi kankhope koseka. Wa kaunjika wayankha kuti ndalama zake zili m'belo.

A Nesi akuti Loweruka abwera ndi ulusi ndi supuni m'chikwama, mwina zingafunike. Ndawauza kuti asayerekeze. Akuti tiona.